Phala la M'botolo

"Ndati zimenezi mwanayu sadya, kaya mukwiye kaya mutupe," adatero azakhali a Millicent uku akukhuthulira kontena yonse m'ngalande ya pampope.

Davide adangoima pakhomo manja ali lende, kuyang'ana dzungu lake likutsetsereka pamodzi ndi madzi otsukira mbale. Dzungu limenelo adalipota yekha dzulo lake kuntchito, n'kuthiramo chiwindi cha nkhuku, n'kulinyamula pamiyendo m'takisi kuchokera ku Sandton mpaka ku Alexandra kuno. Tsopano galu wa eni bwalo ndiye ankadyerera.

"Azakhali, chakudya chalakwanji?"

"Chakudya sichilakwa, amalakwa ndi manja. Pachivundikiro apa palembedwa dzina la yani? Felesita, tuluka udzawerenge wekha, paja iwe sukulu unaiponda."

Felesita, mkazi wa Davide, adatuluka m'kachipinda kawo ka lendi atafukata Shalom, mwana wawo woyamba wa miyezi isanu ndi inayi. Sadavutike n'kuwerenga. Dzinalo adali ataliwerenga kale kangapo m'mawa womwewo mpaka maso kufiira.

"Kontenayo ndi ya Tryphina, sindikukana," adayankha Davide. "Ndi mnzanga wakuntchito, amachapa ndi kusita. Ndabwereka chifukwa yathu inang'aluka. Ndi mayi wamkulu uja, ali ndi zidzukulu zitatu."

"Onse amatero. Chibwenzi chikagwidwa chimasanduka gogo tsiku lomwelo." Azakhaliwo adapukuta manja pachitenje n'kuvundukula bulangete la mwana. "Taonani mapazi awa mmene atupira. Taonani tsitsi, lafiira ngati ndevu za chimanga. Ine pa Joni pano ndatha zaka makumi awiri, koma masowa ndi akwathu, ndipo galu wamkota sakandira pachabe. Ili ndi tsempho. Mwayenda njira yachilendo, bambo a Shalom, mwabwera ndi moto m'thupi, mwamusempha mwana."

"Ndikulumbira pali Mulungu, ine sindina..."

"Musalumbire tsiku Lamulungu, mungachimwe kawiri. Mankhwala alipo, ndikatenga kwa munthu wina ku Berea. Koma mankhwala a tsempho sagwira mwini mlandu asanaulule. Muulule, tikusambitseni m'manja, mwana achire. Mwezi ukatha musanaulule, mwana wa mchimwene wangayu akwera basi ndi khandali, nkhani ikathere kwa akuluakulu ku Ntcheu. Ndipo kuyambira lero mwanayu musamukhudze. Mbale yake musaikhudze, ngakhale supuni imene."

Mtima wa Davide udagwa. Ulendo wa masiku atatu m'basi, kuima padzuwa m'malire onse aja, ndi mwana amene ngakhale kulira ankangoti nyee ngati kamwana ka mphaka. Adadziwa kuti Shalom sangafike ngakhale pa Mwanza akupuma.

"Amake Shalom," adatero motsitsa mawu, "inunso mukukhulupirira zimenezi?"

Felesita sadamuyang'ane kumaso. "Ine sindikudziwa, bambo. Chomwe ndikudziwa n'chakuti mwana wanga akutha. Ngati simunachite, kukhala milungu itatu osamunyamula sikungakupheni. Koma ngati munachita, kumunyamula kumupha iyeyo. Mundilonjeze kuti simumukhudza mpaka ndidzanene ine."

Munthu ungayankhe chiyani pamenepo? Davide adayang'ana mkazi wake, adayang'ana mwana, n'kulonjeza.

Tsono tamverani mmene dziko limasekera anthu. Davide yemweyu, woletsedwa kukhudza supuni m'nyumba mwake, anali khukhi m'nyumba ya azungu ku Sandton kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Adona ake adali ndi kamwana ka miyezi isanu ndi itatu, ndipo chakudya cha kamwanako ankaphika ndi iyeyo. Ankadziwa kuti chakudya chatsopano umayamba ndi masupuni awiri, n'kudikira masiku angapo kuti uone ngati mimba yavomera. Ankadziwa kuti mchere suthiramo. Ankadziwa kuti mwana akalavula lero, mawa umayesanso osakwiya. Kamwanako kadali konenepa, mikono yochita mapindi, ndipo kakamuona Davide kankayasamula pakamwa supuni isanafike.

Lolemba m'mawa akukadyetsa mbatata yopota ndi dzira, misozi idangoyamba yokha. Tryphina adamuona ali pakhomo la chipinda chositira. Ameneyo ndiye chibwenzi chija, gogo wa ku Soweto wa mano ochita kugula. Atamva kuti akumutchula kuti ndi wolanda mwamuna wa mwini, adaseka mpaka adazimitsa ayironi kuopa kuwotcha shati la bwana. Koma atamva za mapazi otupa, kuseka kudatha.

"Hawu, mntanami," adatero m'Chizulu chake chosakaniza ndi Chingerezi, "nanga masana mwanayo amadya chiyani?"

"Amakhala kwa azakhali. Mayi ake amalongedza katundu kufakitale ku Kya Sand, amachoka kusanache, amayamwitsa akabwera madzulo."

"Sindinafunse komwe amakhala. Ndafunsa kuti amadya chiyani."

"Phala," adatero Davide mokayika.

"Phala lotani? Muli chiyani?"

Sadadziwe. Manyazi adamugwira kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Mwana wa adona ankamudziwa mpaka supuni yomaliza, koma wake wobereka yekha sadamuonepo akudya masana ngakhale tsiku limodzi. Adali atazisiya zonse m'manja mwa amayi, n'kumati za phala n'za akazi, pomwe iye ankalandira malipiro chifukwa cha phala lomwelo.

"Ukaone ndi maso ako," adatero Tryphina akuyatsanso ayironi. "Ndipo mupite naye kukiliniki. Mwana wotupa mapazi sachedwa naye."

Lachinayi adona ankamumasula masana. Davide sadapite kunyumba, adalunjika kwa azakhali, misewu iwiri kuchokera kwawo. Azakhali a Millicent ankalera ana a azimayi anzawo ogwira ntchito, ambiri Amalawi, m'chipinda chimodzi chamalata. Ntchitoyo idali yowadyetsa iwonso, ndipo anthu ankawakhulupirira chifukwa sankamenya mwana, sankamwa mowa, ndipo matewera ankasintha panthawi yake.

Chitseko chidali chotsegula. Pamatiresi awiri padagona ana asanu ndi mmodzi, mndandanda, aliyense botolo kukamwa lotsamiritsidwa ndi kansalu. Nsonga za mabotolo zidali zodulidwa ndi lezala kuti phala lizituluka msanga. Shalom adali kumapeto, akuyamwa maso atatseka.

"Mwabwera kudzaulula?" adafunsa azakhali.

"Ndabwera kudzaona mwana. Sindimukhudza, ndinalonjeza." Adaloza poto amene adali pasitovu. "Phala lake ndi limenelo? Tapungulani pang'ono ndione."

Azakhali adatunga ndi chikho n'kutsanula monyadira. Phalalo lidatsika ngati madzi otsukira mpunga.

"Ufa woyera wogula m'sipaza, kagolosale kapafupi apa, shuga pang'ono, ndasefa kawiri. Mulibe ngakhale kambulu kamodzi."

"Mulibenso nsinjiro? Dzira? Kamafuta?"

"Dzira? Mukufuna mwana agwe khunyu? Matumbo a khanda ndi ang'ono ngati ulusi, bambo. Phala lolimba limamutsamwa, nsinjiro zimamutsegula m'mimba. Ndiponso ana asanu ndi mmodzi, ine manja awiri. Ndizikhala pansi ndi supuni mmodzimmodzi, dzuwa silindilowera? Akhuta awa, taonani mimba zawo."

Davide adayang'ana mimbazo. Zidalidi zokhuta, zotundumuka ngati timipira. Kenaka adayang'ana mitu. Mwana wachiwiri kuchokera kukhomo tsitsi lake lidali lapatalipatali, lofiirira. Wachinayinso chimodzimodzi.

"Uyu ndi wa yani?"

"Wa Omega, wogulitsa mandasi uja."

"Nanga uyu?"

"Wa kwa a Cassim. Mukufunsiranji?"

"Ndikufunsa chifukwa tsitsi lawo likufanana ndi la Shalom. Kodi azakhali, abambo a ana onsewa akuyenda ndi Tryphina?"

Mawuwo adatuluka akuthwa kuposa mmene iye ankafunira. Azakhali adaimirira, chikho chili m'manja.

"Tulukani. Ine ndalera ana pa Joni pano inu mukadali kudya mango osapsa kumudzi. Mwazolowera kuvala epuloni kwa azungu mpaka mwaiwala kuti ndinu mwamuna. Mlandu wanu mukufuna kuusenzetsa poto wanga? Mawu a akuluakulu amakoma akagonera, mudzandikumbuka."

"Pepani ndalankhula molakwika. Komatu ngakhale wamisala anaona nkhondo, azakhali."

Adatuluka. Atafika pageti adacheuka, ndipo kudzera pakhomo paja adawaona azakhali atawerama pamwana wa Omega, akumusisita tsitsi pang'onopang'ono, nkhope ili ndwii.

Madzulo a tsikulo Felesita adafika atatopa, atabereka Shalom. Adakhala pabedi n'kumuika kubere, koma mkaka udali utachepa kalekale chifukwa chokhala tsiku lonse osayamwitsa. Mwana adayamwa pang'ono n'kusiya.

"Amake Shalom," adayamba Davide atakhala pachigubu pafupi ndi chitseko, "ndikufunseni. Nditaulula, azakhali n'kundisambitsa mankhwala awo aja, ndiye kuti ndiloledwa kumudyetsa mwanayu?"

Felesita adadzutsa mutu. "Ndiye kuti munachitadi?"

"Sindinachite. Koma ndiulula. Mawa lomwe itanani azakhali, itanani ankhoswe, itanani ndi abusa omwe. Ndinena kuti ndinagona ndi Tryphina, tsiku lake ndipeka, malo ake ndipeka. Andichotse pa udindo kutchalitchi, kumudzi amve, amayi anga alire. Bola andipatse supuni."

"Muname pamaso pa abusa?"

"Ndinama. Mulungu akudziwa chimene ndikunamira. Ndaliona phala lija lero, mayi. Ndi madzi. Mwanayu akukhuta madzi, thupi silikudya kanthu. Ine tsiku lililonse ndimanenepetsa mwana wa eni ake ndi manja omwewa, wanga akuuma ndikuona. Dzina langa ndi chiyani poyerekeza ndi iyeyu?"

Felesita adamuyang'anitsitsa. Amuna onama adawaonapo ambiri pabwalo lomwelo, ndipo onse ankanama kuti athawe mlandu. Wonama kuti mlandu umugwere adali asanamuonepo. Misozi idayamba kudonthera pamutu pa mwana.

"Musaname," adatero. "Bodza limenelo lingandiphe ineyo, chifukwa ndizidzangoganiza kuti mwina linali zoona. Koma ndikuopa, bambo. Ndikuopa azakhali, ndikuopa tsempho, ndikuopanso kukiliniki. Pamzere paja anthu ena amatinena kuti makwerekwere tabwera kudzatha mankhwala awo. Komanso ndikajomba tsiku limodzi, pageti la fakitale pamaima anthu ambirimbiri, akalowetsa wina. N'chifukwa chake kusikelo ndinasiya kupita ali ndi miyezi inayi."

"Ntchito ndi ya eni, amayi, lero ilipo mawa kulibe. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Akatinyoza pamzere, tiwerama. Mawa ndipempha adona, tipitire limodzi."

"Chabwino. Koma lonjezo lija likhalebe. Musamukhudze kaye."

"Likhalebe," adavomera Davide, ngakhale mumtima zidamupweteka.

Kukiliniki adakhala pamzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litafika paliwombo. Padalidi mayi wina amene adalankhula mawu ake oipa aja, iwo n'kungoyang'ana pansi. Nesi amene adawalandira, dzina lake Zinhle, adali wolankhula mokalipa koma manja ake adali ofatsa. Adaika Shalom pasikelo, adayang'ana kabuku kamene masamba ake adali opanda kanthu kwa miyezi isanu, n'kupukusa mutu. Kenaka adadina phazi la mwana ndi chala chachikulu. Atachotsa chala, padatsala kadzenje.

"Mwaona? Mumamudyetsa chiyani?"

Felesita adafotokoza za phala lija. Kenaka, mwamanyazi, adafunsa ngati matendawo angabwere chifukwa bambo wayenda molakwika.

"Mama, ifenso kwathu tili ndi mayina athu a matenda amenewa," adatero nesiyo. "Za amuna anu ine sindikudziwa, mukafunsane kunyumba. Koma mwana uyu akudwala njala. Mukanachedwa sabata ina, bwenzi tikunena zina. Lero lomwe akagonekedwe kuchipatala."

Shalom adakhala m'chipatala masiku asanu ndi anayi. Adamuyamba ndi mkaka wapadera, pang'onopang'ono, kenaka chiponde cha m'timapaketi. Ntchito ya ku Kya Sand idapitadi, adalowetsa wina tsiku lachiwiri lomwe. Davide ankabwera akaweruka, n'kuima kumiyendo kwa kabedi manja atapinda kumbuyo ngati mwana wasukulu wolakwa. Anesi ankadabwa kuti bambo uyu bwanji sanyamula mwana wake, koma iye sankafotokoza. Kutupa kutaphwa, Shalom adaoneka woonda kuposa kale, mafupa okhaokha, ndipo Felesita mantha adamugwiranso. Koma tsiku lachisanu ndi chiwiri mwana adalira kulira kwenikweni, kogontha nako m'khutu, kulirira chakudya. Davide adatuluka panja kukapukuta m'maso.

Atatuluka m'chipatala, m'kachipinda muja mudayamba sukulu yoseketsa. Mphunzitsi ankakhala pachigubu pakhomo, manja atawapana pakati pa mawondo, wophunzira ali pasitovu.

"Ufa wa mgaiwa umenewo, wonjezerani. Ayi, madzi akwana. Thirani nsinjiro supuni ziwiri. Tsopano tungani, mupendeketse supuni. Lagwa?"

"Silikugwa."

"Ndiye lapsa. Phala la mwana lizikakamira pasupuni. Mchere musathire."

"Zosathira mcherezo ndiye azakhali angakondwe nazo, paja pa tsempho mchere amaletsa," adatero Felesita, ndipo onse awiri adaseka koyamba m'milungu iwiri.

Shalom sadagonje msanga. Adazolowera botolo, choncho supuni ankaikankha ndi lilime, phala n'kumwazika pachibwano, pachitenje, pena ndi pakhoma pomwe. Peyala adalilavula masiku atatu otsatizana. Felesita adafuna kutaya mtima.

"Sakufuna, bambo. Mwina tibwerere kubotolo."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, mayi. Mukhazikeni tsonga, muzimuyang'ana kumaso. Idyani inuyo kaye aone. Mwana wa adona analavula mbatata kasanu ndi kawiri, lero amalirira yomweyo."

Tsiku lachinayi Shalom adameza peyala, n'kuyasamula pakamwa kufuna lina.

Lamulungu lomaliza la mwezi, atabwera kutchalitchi, adamva kugogoda. Adali azakhali a Millicent, atavala duku lakuda, kampukutu ka nyuzipepala kali m'manja. Chiyambire tsiku la kukiliniki lija adali asanapondemo m'nyumbamo, ngakhale kuchipatala sadafike. Davide adawapatsa chigubu, iye n'kukaima pakhomo.

Shalom adali pamphasa, atamutchinjiriza ndi mapilo, kukamwa kuli chikasu chokhachokha. Felesita adali ndi kambale ka phala losakaniza ndi dzira.

"Limenelo ndi dzira?" adafunsa azakhali.

"Ndi dzira, azakhali," adayankha Felesita, supuni osaisiya. "Wadya kanayi tsopano, khunyu sanagwe. Mundikhululukire, inu ndinu mayi anga pa Joni pano, munandilandira ndilibe ngakhale bulangete. Koma basi sindikwera, ndipo bambo awa saulula kanthu."

Davide adadikira mkuntho. Koma mkunthowo sudabwere. Azakhali adaika kampukutu kaja pansi, adagwada pamphasa movutikira, n'kugwira phazi la Shalom. Adalidina ndi chala chachikulu, n'kuchotsa. Khungu lidabwerera pomwepo. Adadinanso phazi linalo. Chimodzimodzi.

"Sanamwe mankhwala anga," adatero ngati akulankhula okha. "Bambo ake sanaulule. Koma waphwa."

"Waphwa, azakhali."

"Omega anandiuza zimene unamufotokozera, Felesita, kuti nesi anadina phazi. Ndiye ine dzana ndinadina la mwana wake. Padatsala dzenje." Adalisiya phazi la Shalom. "Mwana wa Omega bambo ake anamwalira mimba ili ya miyezi itatu. Omega mwiniwake ndimagona naye khomo loyandikana, sayenda ndi munthu. Ndakhala ndikudzifunsa, ameneyu wamusempha ndani?"

Kunja ana a eni bwalo ankamenya mpira kukhoma, takisi ina ikuliza hutala kumsewu.

"Felesita, iwe unali usanabadwe," adapitiriza azakhali, maso ali pamwana. "Ine ndinali ndi mwana wamwamuna, Yamikani. Bambo ake, a Abednego, anali kumigodi kuno komwe, nthawi ya Theba. Mwana atafika chaka anayamba kutupa mapazi, tsitsi kufiira. Akuluakulu anati amusempha ali ku Joni konko. Tinalemba kalata, anabwera, anapeza mwana akadapuma. Anagwada pabwalo, analumbira, analira ngati mkazi. Anapempha kuti amunyamule kamodzi kokha. Ine ndinakana. Ndinati manja anu ndi amene amupha. M'mawa mwake mwana anatisiya, ukwati n'kuthera pamaliro pomwepo. Iwo anamwalira patapita zaka khumi, akunenabe kuti sanachite."

Adatambasula manja awo n'kuwayang'ana.

"Ndinkamumwetsa phala lomwelo. Lamadzi, losefa kawiri kuti lisamutsamwe. Ndi mmene amayi anga anandiphunzitsira, ndipo ndinkachita ndi chikondi. Zaka zonsezi ndakhala ndikudana ndi munthu wakufa, pomwe mwina mlandu unali mumphika mwanga."

Felesita adaika kambale pansi n'kuwagwira paphewa. Davide mkwiyo wonse umene adausunga milungu itatu udasungunuka, kudatsala chisoni chokha.

"Azakhali," adatero, "simunadziwe. Inenso ndinkadziwa koma sindinabwere kudzaona, ndiye wolakwa kwambiri ndani? Madzi akatayika saoleka. Koma mwana wa Omega akadali moyo, wa a Cassim akadali moyo."

"Omega ndamuuza, mawa akupita kukiliniki, ndimuperekeza ndekha. Kwa a Cassim ndipitako madzulo ano." Adapukuta m'maso ndi nsonga ya duku. "Koma Lachiwiri ana abweranso. Ana asanu, ine manja awiri. Ndiwadyetsa bwanji ndi supuni?"

"Manja anayi," adatero Felesita. "Ntchito ndilibe, azakhali, ndipo phala lokakamira pasupuni ndalidziwa. Amayi awo tiwauze azibweretsa kadzira, kansinjiro, kapeyala, chilichonse chimene angathe. Lachinayi masana aphunzitsi athuwa azidzayendera sukulu."

Azakhali adatsala pang'ono kuseka, koma kuseka kudasanduka kusisima. Adatenga kampukutu ka mankhwala kaja, adakayang'ana, n'kukalowetsa m'chikwama. Kenaka adamunyamula Shalom pamphasa, n'kuimirira naye pang'onopang'ono, mawondo akulira. Adayenda mpaka pakhomo pamene padaima Davide.

"Tengani mwana wanu, bambo."

Davide sadatambasule manja. Lonjezo lake silidali kwa azakhali. Adayang'ana mkazi wake.

"Mpatse chilolezo, Felesita," adatero azakhali. "Ine ndinamana munthu mwana wake kamodzi. Usadzasenze katundu amene ndasenza ineyu."

"Tengani, bambo a Shalom," adatero Felesita akulira. "Tengani, mundikhululukire."

Davide adamulandira ndi manja awiri. Shalom adamuyang'anitsitsa kaye ngati akukumbukira kuti nkhope iyi adaionapo kuti, kenaka adamugwira kolala ndi timanja take ta phala, n'kupaka dzira pashati loyera la kutchalitchi. Davide sadapukute. Adamukweza pang'ono, n'kumutsitsa, n'kumukwezanso, ngati mmene amachitira munthu woyesa thumba pamsika.

"Walemera," adatero. "Amayi, mwanayu walemera."

Azakhali adawerama, adatola kambale ndi supuni pamphasa paja, n'kumupatsa m'manja.

"Khalani pansi mumalizitse," adatero. "Ine ndikhala apa ndione mmene mumachitira."